Odwala amene tinawabisa kuseri kwa khitchini

Ayi, Mayi Esime, adokotala sanalephere chifukwa cha kusadziwa ntchito. Amene akunena zimenezo pamsika aleke. Dikirani, mumva nokha. Inu ingotayipani monga ndikuyankhuliramu, ine pensulo imandichedwetsa, dzanja langa linazolowera sizasi. Zosayenera ndidzakhwatcha ndekha pambuyo. Yambani pamwamba.

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WADZIDZIDZI WA KOMITI YA CHIPATALA CHA NANKHWAZI, KWA KANDUKU, MWANZA

Tsiku: Lachinayi, pa 17 Ogasiti 1989
Malo: M'chipinda cha sikelo ya ana, poti ku ofesi mipando ndi yochepa

Amene analipo:
A Zacharia Thawani, Wapampando
A Abdu Likwanya, Mlembi, amene ndine
Mayi Rozina Kambwiri, oimira Ligi ya Amayi
A Mahamadi Said, oimira amalonda
Adokotala Malcolm Nsewa, oitanidwa

Amene sanabwere:
A Aloysius Gwedeza, wapampando wa nthambi ya Chipani. Anatumiza mawu kuti sakupeza bwino m'thupi.

1. Kutsegula msonkhano

A Mahamadi anapemphera. Atatha, Wapampando anati nthawi zonse amatsegula ndi kuthokoza, koma lero sakuona chothokoza. Anapempha kuti aliyense ayang'ane mnzake kumaso, tisangoyang'ana sikelo ngati tabwera kudzayezetsa ana. Palibe anadzutsa mutu.

2. Maminitsi a msonkhano wapitawo

Wapampando anati asawerengedwe. Anati zomwe tinagwirizana tsiku lija aliyense akuzikumbukira mokwanira.

3. Za maphunziro a adokotala

Wapampando anapempha adokotala kuti afotokozenso, pang'onopang'ono, chimene alendo a Lachiwiri anadzera, poti ulendo woyamba tonse tinangomva mawu oti "akubwera kudzayesa", basi n'kuthamangira masache.

Adokotala anati dziko lili ndi ochiza ochepa, ndiye akuluakulu a zaumoyo anasankha madokotala ena amene ali kale pantchito kuti awasule, akhale aphunzitsi a achinyamata ophunzira udokotala. Iwo ndi mmodzi mwa osankhidwawo. Gawo loyamba anakachita ku Blantyre, kukhala pa desiki ngati mwana, munthu wa imvi zake. Anati kudziwa kuchiza ndi kwina, kudziwa kuphunzitsa ndi kwinanso. Apa ine ndinamva bwino, chifukwa ndi mmene zilili kumashini. Ine jekete ndimasoka maso ali kumsewu, koma kuti ndionetse munthu poyambira, mapeto ake ndimangomulanda nsalu n'kusoka ndekha. Izi mwina si za maminitsi. Kaya. Zisiyeni zikhale.

Adokotala anati chachikulu chimene anaphunzira kumeneko ndi kubweza manja kumbuyo. Wophunzira ndiye agwire wodwala, mphunzitsi angofunsa kuti "wamva chiyani?" Ndipo wophunzira akati "sindinamve kanthu", ameneyo umuyamikire, chifukwa dokotala wonamizira kumva amapha anthu. Anati kuti munthu apitirire ku gawo lachiwiri, woyesa amabwera kuchipatala chako ndi ophunzira, iye n'kuima pambali kuonerera iwe ukuphunzitsa pa bedi la wodwala weniweni. Ndicho anadzera Dokotala Eleanor, mayi aja a magalasi, ndi ophunzira atatu ovala makhoti oyera.

Phunziro lake linali la kapamba wotupa, mmene dzanja limamupezera pansi pa nthiti za kumanzere. Adokotala anati anali atakonzekera ndi a Yakobe, aja ootcha makala a kwa Nthache, amene malungo obwerezabwereza anawakulitsa kapamba mpaka kufika pamchombo. Anawapempha mwaulemu, kuwauza kuti manja achilendo adzawagwira pamimba, iwo n'kuvomera. Anati a Yakobe anachita kutumiza mawu kumudzi kuti awabweretsere malaya awo a kutchalitchi.

Mayi Kambwiri anafunsa kuti nanga zonsezi bwanji sitinauzidwe. Adokotala anayankha kuti anauza komiti kuti pasakhale chokonza chilichonse. Mayi Kambwiri anati mawu amenewo aliyense woyembekeza alendo amanena, ndi ulemu chabe, ngati mlendo akamati "ndakhuta" mbale ikadali yodzaza. Wapampando anati apo anena zoona, iwonso anamva choncho.

4. Zomwe zinachitika Lachiwiri

Wapampando anapempha Mayi Kambwiri kuti afotokoze za chikonzekero. Iwo anati zonse zinayenda monga timachitira akamabwera alendo a boma. Miyala inapakidwa laimu, bwalo linasesedwa, amayi anavala nsalu zawo n'kukonza nyimbo. Anakumbutsa komiti kuti chaka chatha, atabwera bwana wina wochokera kulikulu n'kupeza odwala atagona pansi, komiti inadzudzulidwa pagulu kuti ikuchititsa boma manyazi. Ndiye ulendo uno, anati, iwo ndi a Gwedeza anaganiza motere: telala amamuyesa ndi malaya otha kusoka, mlimi ndi nkhokwe yodzaza, nanga dokotala amuyesa ndi chiyani ngati si anthu ochira? Woyesa akapeza wodi yodzaza ndi obuula, sadzati dokotala ameneyu ntchito imamukanika?

Lembani kuti komiti yonse inavomereza maganizo amenewa. Yonse. Musalembe ngati anali a Mayi Kambwiri okha ayi, tonse tinaomba m'manja, ndipo tinaona ngati ndi nzeru zakuya.

M'mawa wa Lachiwiri adokotala anapita kumsewu waukulu kukadikira Landirova ya alendo, poti njira yathu imasocheretsa. Atangochoka, komiti inalowa mu wodi ya amuna. Anesi anakana. A Gwedeza anawafunsa ngati akukana komiti kapena akukana Chipani, anesi n'kupatuka pakhomo. Odwala ooneka moipa anatengedwa n'kukagonekedwa pa mphasa m'chisakasa cha nkhuni, kuseri kwa khitchini. M'mabedi awo munagona anthu athanzi osamba bwino, achimwene awo a Mayi Kambwiri ndi ena ochokera pamsika. Pa bedi la pafupi ndi khomo, la a Yakobe, panagona a Gwedeza eni ake, ati mlendo ayambe kuona munthu wonenepa.

Wapampando anafunsa chimene a Yakobe anauzidwa. Mayi Kambwiri anati a Yakobe anakana kudzuka, ankati, "Amayi, ine ndiye phunzirolo. Adokotala andisankha." Iwo anawayankha kuti, "Bambo, mimba ngati imeneyi si yoonetsa alendo." Anati a Yakobe anayang'ana pamimba pawo, anamanga mabatani a malaya aja mpaka m'khosi, n'kuyenda okha kupita kuchisakasa, osalola munthu kuwagwira. Ponena izi Mayi Kambwiri anaphimba kumaso ndi nsalu. Msonkhano unaima pang'ono.

Adokotala ndiwo anapitiriza. Anati analowa mu wodi ndi alendo, amayi akuimba panja, n'kuima pa bedi lija. Atavundukula bulangeti anapeza a Gwedeza, akuwatsinzinira diso. A Gwedeza anati, "Ndine wodwala wanu, adokotala. Ndachira ndithu, chifukwa cha inu." Dokotala Eleanor anaima kumiyendo kwa bedi nati, "Yambani, a Nsewa."

Adokotala anati anaganiza zonena kuti awa si odwala. Koma anafunsa komiti kuti, kunena pamaso pa alendo kuti wapampando wa Chipani akunamiza a boma, alipo pano amene sakudziwa kumene mawu otero amamufikitsa munthu? Ndiye anaphunzitsa basi. Anaonetsa poika dzanja, anauza a Gwedeza kuti akoke mpweya. Wophunzira woyamba anagwira, anayang'ana aphunzitsi kumaso, nati wamva kapamba. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu, mtsikana, anachedwa, akusuntha zala uku ndi uku, mpaka a Gwedeza anayamba kuseka poti ankawagirigisha. Pomaliza nayenso anati, "Ndamumva pang'ono."

Dokotala Eleanor anapinda malaya n'kugwira okha. Anati, "Bambo awa kapamba wawo ali bwino kuposa wanga." A Gwedeza anati zikomo kwambiri, chitukuko ndi chimenecho. Mayiwo sanaseke. Anatembenukira kwa adokotala nati, "A Nsewa, ana atatu anama pamaso panu, inu muli duu. Mwawaphunzitsa chiyani lero?"

Adokotala anati funso limenelo alibe nalo yankho mpaka pano. Anati komiti isaganize kuti abwera kudzaikalipira. Manyazi aakulu ndi awo, chifukwa chinthu chimodzi chimene anapitira ku Blantyre ndicho anachisiya. A Mahamadi anati, "Adokotala, bola mukanatikalipira, kukanatipepukira."

Adokotala anapitiriza kuti alendo akutuluka, Dokotala Eleanor anamva chifuwa kuseri kwa khitchini. Anazungulira okha, anaima pakhomo la chisakasa, anaona odwala ali pakati pa nkhuni. Sanafunse munthu. Asanakwere galimoto anaitanira adokotala pambali, nati Lachisanu la sabata ya mawa adzadutsanso pano ndi ophunzira omwewo pochokera kumalire, ndipo adzaonereranso kamodzi. Akadzapeza palibe wodwala weniweni wovomera yekha, dzina la adokotala lidzachotsedwa, malo awo apite kwa wina.

Wapampando anati ndiye a Yakobe abwezedwe pa bedi lawo. Adokotala anati a Yakobe ananyamuka masana omwewo osatsanzika, mankhwala awo asanamalize. Anati odwala ena aja, kuyambira tsiku lija, akana onse kuonetsedwa kwa mlendo aliyense, ndipo iwo sangawakakamize, chifukwa phunziro limayambira pa kupempha.

5. Mtsutso

A Mahamadi anapempha chilolezo choti anene mawu oipa. Anati pamsika anthu ena akuti bola adokotala alephere, chifukwa akakhoza adzatengedwa kupita kutauni kukaphunzitsa, ife tidzatsala ndi ndani? Anati iwonso maganizo amenewo anawafikira, sakubisa, poti akazi awo anapulumuka pobereka chifukwa cha manja a adokotala omwewa.

Wapampando anafunsa adokotala ngati n'zoona kuti adzachoka. Adokotala anati sangalonjeze. Mwina ophunzira azidzatumizidwa kuno, mwina iwo ndiwo adzaitanidwe. Koma anati manja awo ndi awiri okha, ndipo akukalamba, zimene manjawo akudziwa akapanda kusiyira ena adzapita nazo kumanda. A Mahamadi anati abweza mawu awo. Wapampando anati mawu sabwezeka, Mlembi alembe.

Mayi Kambwiri anapempha kuti dzina la a Gwedeza lisalembedwe, tingoti "munthu wina". Anati sakuwaikira kumbuyo ayi, koma mapepala amayenda. Ine Mlembi ndinafunsa kuti nanga la a Yakobe, amene sanalakwe kanthu, ndiye lilembedwe ndi mimba yawo yomwe? Ndinangofunsa, sindimatsutsa. Wapampando anati mayina onse alembedwe, ndipo la iwo eni likhale loyamba, poti machira a wodwala woyamba ananyamula ndi iwo.

Mwaima bwanji, Mayi Esime? Tayipani. Akadzafunsa mudzati anakuuzani ndine.

A Mahamadi anafunsa ngati sizingatheke kubwereka wodwala wa kapamba ku chipatala china, kuti Lachisanu pasakhale chokayikitsa. Adokotala anawayang'anitsitsa. A Mahamadi anati aona okha kuti ayambiranso zomwe zija, ndipo anapepesa.

6. Zomwe tinagwirizana

Choyamba, kuti Mlembi apite kwa a Yakobe Loweruka kukapepesa ndi kukawapempha kuti abwerere. Mayi Kambwiri anati apita nawo, chifukwa pakamwa pamene panatuluka mawu aja ndi pawo. A Mahamadi anapereka njinga yawo, natinso apereka shuga ndi sopo zoti tinyamule. Adokotala anakana. Anati munthu sitikupita kukamugula, tingomutengera mankhwala ake amene anawasiya, ndipo timuuze kuti amwe kaya abwera kaya sabwera.

Chachiwiri, kuti Lachisanu pasadzakhale laimu, nyimbo, kapena wa komiti aliyense mu wodi. Wapampando yekha adzaima pakhomo kuti apepese kwa Dokotala Eleanor, akatero azidzapita kwawo. Adokotala anati ophunzira aja adzawauza okha, phunziro lisanayambe, kuti Lachiwiri panalibe kapamba, kuti zala zawo zinanena zoona, ndipo kuti wolakwa anali mphunzitsi amene anakhala chete.

Chachitatu, kuti a Gwedeza auzidwe za chachiwirichi. Wapampando anafunsa amene angapite. Aliyense anayang'ananso sikelo. Wapampando anati apita okha.

7. Zina ndi zina

Mayi Kambwiri anati dengu la manachesi limene komiti inakonzera alendo likadali pakhonde la ofesi, poti Dokotala Eleanor analisiya pomwepo. Anafunsa chochita nalo asanaole. Tinagwirizana kuti apatsidwe odwala aja anagona m'chisakasa, koma akapereke ndi anesi, chifukwa ife sangatilandire.

Panalibe nkhani ina.

8. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka pa 26 Ogasiti, alendo atabwera n'kupita. Msonkhano unatha cha m'ma folo koloko madzulo. Wapampando anatseka ndi pemphero lalifupi. Anthu anatuluka mmodzimmodzi, osaperekezana.

Wapampando: Z. Thawani
Mlembi: A. Likwanya

Musatulutse pepala, Mayi Esime. Pansi pakepo onjezani za ulendo wa Loweruka, poti komiti ndiyo inatituma, iyenera kumva.

ZOONJEZERA

Ine ndi Mayi Kambwiri tinafika kwa Nthache dzuwa lili pamutu. Njinga tinkangoikankha, zitunda zake si zokwera anthu awiri. Nyumba ya a Yakobe tinaipeza yotseka, chitseko atachichirikiza ndi mtengo. Pakhonde la nyumba yoyandikana nayo panali mayi akusenda mtedza. Anati dzina lawo ndi Malita. Titapereka moni, ndinafunsa za a Yakobe.

Mayi Malita anati a Yakobe ndi akazi awo anapita kwa alamu awo tsidya la malire, cha ku Zobuwe, kumene kuli sing'anga wina. Ine ndinati kumeneko si kuli nkhondo? Iwo anati a Yakobe anauzidwa zimenezo, koma anati bola kumeneko, odwala sawaika m'nkhuni. Za tsiku lobwera anati sakudziwa.

Kenako anayang'ana nsalu ya Mayi Kambwiri, nati, "Kodi ndinu aja munati mimba ya a Yakobe si yoonetsa alendo?" Mayi Kambwiri anagwada pansi pa fumbi pomwepo nati, "Ndine, amayi." Mayi Malita anati, "Dzukani, ine si a Yakobe. Mudzagwadire eni ake."

Tinawasiyira mankhwala aja, anati apatsira anthu onyamula makala amene amadutsa njira yachidule. Ine pamenepo mtima unatha. Ndinangokhala pa mtondo n'kuyamba kufotokoza, sindikudziwa kuti ndimafotokozeranji, za Lachisanu, za ophunzira amene ananena kuti amva chinthu chimene kunalibe, za adokotala amene dzina lawo lichotsedwe chifukwa cha masache athu. Mayi Malita ankangosenda mtedza. Nditamaliza anapukuta manja, anaitana Mayi Kambwiri kuti asendere, anawagwira dzanja n'kuliika pamimba pa iwo eni, pansi pa nthiti za kumanzere. Ine ndinayang'ana kumbali, kumene kunali mbuzi.

Ndinamva Mayi Malita akuti, "Kanikizani, sapatsirana. Mwamva chiyani?" Mayi Kambwiri anati, "Mayo! Chili gwa, ngati mwala wonolera." Mawu otsatirawa muwatayipe monga anawanenera eni ake, musakonze.

"Kapamba ameneyo ndakhala naye chibadwire mwana wanga wachiwiri, palibe anandifunsapo. Kauzeni adokotala anuwo abwere adzandipemphe okha, monga anapemphera a Yakobe, andiuzenso ngati mankhwala alipo kapena n'kungondigwiragwira. Akandipempha bwino, Lachisanu ndibwera. Koma inu amayi, tsiku limenelo mudzandiperekeze ndinu, mutandinyamulira mtolo wanga, tidzalowere khomo lolowera alendo."